Mphindi Zitatu za Atelala

Atelala analera ana anayi ndi makina osokera amodzi, koma Chitsiriza yekha ndi amene anafika ku yunivesite. Kumeneko anakasankha maphunziro a mafilimu. Mayi akewo sizinawalowe m'mutu.

"Ndiye mumangokhala pansi n'kumaonera basi?"

"Timaonera, kenako timakambirana chifukwa chake kamera anaiika apa osati apo."

"Malemu bambo ako ankachita zomwezo Loweruka lililonse, palibe anawapatsa digiri."

Chaka choyamba chili pakati, mtsikanayo anabwera ndi kamera yobwereka kusukulu, ya miyendo itatu. Aphunzitsi anali atawapatsa ntchito: kujambula munthu ali pa ntchito yake kwa mphindi zitatu, kamera osaisuntha, munthuyo osaiyang'ana. Lachisanu akaonetse kalasi yonse.

"Ndikufuna ndijambule inuyo, amayi."

Atelala anavomera. Kalasi yonse! Ana a mabwana aone kashopu kawo, zigamba zili mbwee pansi, mpando wochirikiza ndi njerwa, magalasi omanga ndi ulusi? Iwo kusekedwa anazolowera, koma mwana wawo ayi.

M'mawa mwake analawirira. Anasesa, anakolopa, zigamba anaziunjika m'thumba. Makina anawafunditsa nsalu yamaluwa, pamwamba anaikapo maluwa apulasitiki. Anavala diresi limene anavala pa ukwati wa mwana wawo woyamba, magalasi n'kuwabisa m'dilowa.

Chitsiriza atafika anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Amayi, shopu ija mwaipititsa kuti?"

"Usanditayitse nthawi iwe. Jambula."

Anajambula. Atelala anakhala chowongoka ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso, mano onse pamtunda.

"Musayang'ane kuno. Sokani."

"Ndisoke chiyani, diresi langali lidzadze ulusi?"

Anayesa kachiwiri. Popanda magalasi ulusi unakana kulowa pa singano. Kachitatu anaiwala lamulo, anaipatsa moni kamera ndi kufunsa ngati aphunzitsi adzuka bwino. Pofika kachisanu mtsikanayo anakhala pa thumba la zigamba, misozi ili lengelenge.

"Izi sangazilandire. Ndilephera."

Atelala asanayankhe, analowa namwino wa pachipatala chapafupi, wefuwefu, dzanja litagwira kumsana.

"Mayi, ndithandizeni! Zipi yaduka, ndipo ndikuyenera kulowa ntchito pompano."

"Si ndinakuuza mwezi watha kuti yunifolomuyi yakuchepera? Vula, funda nsaluyo."

Maluwa apulasitiki anagwera uko. Magalasi anatuluka m'dilowa. Atelala anavula nsapato, phazi linapeza chopondera chake, mapini atatu ali pakamwa. Anasomola zipi yakale ndi lezala, anakhuthula thumba la zigamba pansi kufuna ina yoyera, makina n'kuyamba kulira. Namwino atatuluka, Atelala anapeza mwana wawo ali kuseri kwa kamera, akumwetulira.

"Tiye tsopano, ndikonzenso malowa tijambule."

"Ndajambula kale."

"Iwe! Chisokonezo chimenechi? Ufafanize msangamsanga."

Chitsiriza anakana. Atelala anakhala masiku awiri osadya bwino. Lachisanu anatseka shopu, anati ngati kuli kusekedwa akasekedwe onse awiri. Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo, chikwama atachikumbatira.

Anazimitsa magetsi. Panadutsa filimu ya wometa, panadutsa ya wowotcherera zitsulo. Kenako pakhoma panaoneka dzanja lalikulu ngati chitseko, chala chachikulu chili ndi chipsera cha singano. Zigamba zonse zinali pomwepo. Ulusi wa pa magalasi unkaoneka ngati chingwe chomangira mbuzi. Pamene Atelala a pakhomawo anakalipira makina kuti, "Usayambe lero, nkhalamba iwe," holo yonse inaseka. Atelala enieniwo anagwira chikwama kuti azipita.

Koma kuseka kunatha msanga. Kunangoti zii, kumveka makina okha. Aphunzitsi, bambo wadazi wa jekete lotuwa, anaimitsa chithunzi.

"Mwaona chiyani?"

"Maso awo ali pa wotchi, sakuyang'ana nsalu," anatero mnyamata wina, "koma mzere sukukhota."

"Zala zikuona zokha," anatero mtsikana wa kutsogolo.

"Ndiye chifukwa chake ndinati kamera isasunthe," anatero aphunzitsi. "Wajambula izi anadziwa poima, ndipo anadziwa kudikira. Tibwerezenso."

Anaionera kawiri. Atelala anali asanaonepo manja awo ali pa ntchito. Zaka makumi atatu ankangoona nsalu. Anawayang'ana pa chikwamapo, kenako anayang'ana kutsogolo kumene Chitsiriza ankayankha mafunso, mutu uli m'mwamba.

Potuluka aphunzitsi anabwera kudzawapatsa moni ndi manja awiri.

"Mayi, mwana wanuyu ali ndi diso."

"Diso ali nalo, makutu ndi amene alibe. Ndinamuuza kuti afafanize." Anatero akuyang'ana jekete lija. "Batani ilo likulendewera. Vulani."

"Amayi, pano?" ananong'ona Chitsiriza.

"Nanga kuti? Gwira chikwamachi. Ndipo kamera yakoyo ulendo wina uziiika kumanzere, kumanja kuja umanditchingira kuwala."