Tsiku Lodinda Ng'ombe kwa a Kovarik

Pa chakudya chamadzulo, Dwayne Kovarik ankangotembenuza mbatatesi ndi foloko. Makatani anali chitsekere kuyambira m'mawa.

"Ndiye kwa Merle sunapite," anatero bambo ake, a Emil, akudula nyama. "Anzako akugwetsa ana a ng'ombe padzuwa, iwe uli gone kuchipinda, kansalu konyowa pamphumi ngati mayi wachikuta."

"Bambo, musiyeni," anatero Lorna, mkazi wa Dwayne. "Mutu waching'alang'ala si mutu wamba. Wakhala akusanza mpaka masana."

Kuno ntchito yodinda ana a ng'ombe ndi chitsulo chamoto imagwiridwa mosinthana, lero kwa mnzako, mawa kwanu. Ukamajomba kwa anzako, kwanunso safika. Chaka chino Dwayne anali atajomba kale kwina, ndipo mawa linali tsiku lake. Ana osadinda sangapite kubusa kumene ng'ombe za anthu ambiri zimasakanikirana, komanso anthu atatu okha sangawagwire.

"Wamuuza chiyani Merle pafoni?" Dwayne anafunsa Lorna. "Kuti pampu ya pachitsime yafa, eti?"

"Pampu imeneyo tinaipha kale ulendo watha. Ndamuuza zoona. Ndanenanso kuti utsi wa ubweya wopserera ndi umene umakudzutsira mutuwo."

Dwayne anaika foloko pansi, nkuchoka patebulo.

M'mawa mwake anaima pakhola, maso ali kumsewu. Kunali zii. Patapita nthawi fumbi linatulukira kuseri kwa chitunda, magalimoto akukoka ngolo za akavalo.

Merle Haskett anatsika, nkumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Pampu yadzuka bwanji, achimwene?"

Amuna enawo anaseka. Dwayne anaweramitsa mutu, nkulunjika pamoto kuti atenge chitsulo, poti mwini ng'ombe ndiye amadinda. Koma Merle anamuyambirira kuchigwira.

"Ichi ndisiyire ine. Iwe pita kugeti, mphepo ikuchokera kumeneko, utsi sukakupeza. Ukatigwera pano tidinda iweyo."

Kugeti ndi kwa nkhalamba, aliyense amadziwa. Dwayne anadutsa pakati pa anzake osayang'ana munthu kumaso. Anapeza a Emil ali kale komweko, atakhalira ndowa yovundikira. Anamuyang'ana mwana wawo kanthawi, kenako anamusendera.

"Kokera chipewacho kumaso, dzuwa lakula," anatero motsitsa mawu. "Tsegula, akudikira."

Dwayne anakoka unyolo wa geti, amuna a pa akavalo nkuyamba kulowa m'khola.