Chitsime cha Mamita Awiri

Mmisiri wina anamanga nyumba za anthu kwa zaka makumi atatu, koma anali asanamvepo kuti dothi lingasungunuke. Mchere umasungunuka, inde. Koma dothi limene amaliponda tsiku ndi tsiku?

Nkhani inayamba anthu oyeza nthaka atafika m'dera lawo ndi makina obowola pansi. Ankalemba mapu osonyeza malo amene nyumba zingamire kutachitika chivomezi, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wake wamkazi. Mkulu womanga nyumbayo, matama ake aja, anakokera abwana a mwanayo kuseri kwa maziko a nyumba imene ankamanga yoti adzakalambiremo.

"Taonani chitsime ichi, bwana! Mamita awiri okha, madzi mbwee. Mchenga wokhawokha, khasu limangolowa lokha."

Abwanawo analemba m'kabuku osamwetulira. Mwanayo anayang'ana kumbali, bambo ake n'kumati ndi manyazi chabe.

Patatha mwezi mwanayo anabwera ndi mapu. Puloti ya bambo ake inali yofiira, kutanthauza kuti sadzaloledwa kumangapo.

"Yofiira bwanji? Maziko ndinakumba ndekha, simenti sindinaumire!"

"Vuto si maziko, bambo. Ndi zimene zili pansi pake."

"Pansi pake pali madzi abwino."

"Eya, n'zomwezo."

Mutu wa mkuluyo unaima. Madzi anayamba liti kukhala mlandu?

Mwanayo anadzaza mchenga mu chidebe, nathiramo madzi a pachitsime pomwepo, n'kusanjika njerwa pamwamba. Njerwa inakhala bwinobwino.

"Waona?" anatero mkuluyo.

Mwanayo anagogoda chidebe m'mbali ndi mpini wa khasu, kuyerekeza chivomezi. Madzi anatumphukira pamwamba, njerwa inapendekeka, kenako inamira.

Mkuluyo sanakhulupirire. Anati mwanayo wachitapo chinyengo cha kusukulu. Anasankha yekha njerwa yopsa bwino, mchenga n'kuupondaponda ndi chibakera, nagogoda yekha. Inamira. Anayesanso, inamiranso. Apa mantha anamugwira, ndipo anakhala pansi.

"Ndikanapanda kuwaonetsa chitsime chija, bwenzi..."

"Mwina mapu akanachedwa kufiira, bambo. Koma mchenga suwerenga mapu." Mwanayo analoza pakona pa maziko. "Chipinda icho munati n'cha ndani?"

Chinali cha adzukulu ake, ana a mwanayo. Iye yemwe ndi amene anachikulitsa kuti mabedi awiri adzakwane.

Anayang'ana chidebe chija nthawi yaitali. Momwe dothi limasungunukira sankamvetsabe. Anadzuka, n'kuyamba kuzula zikhomo za chingwe, kuyambira pa chipinda cha anawo.