Nkhuku za Mafuta Achikasu

Tsiku lomaliza limene Gresham anawaona amayi ake ali moyo, anali atakhala pamphasa, akupeta ufa wa chigwada woti nkhuku zake zidye. Maso awo anali atasanduka achikasu, koma pakamwa sipanadwale.

"Ndinakutumiza kukoleji kuti ukandibere ndiwo n'kumapatsa nkhuku?" anamuseka.

Kukolejiko anasiyira panjira atamva za matendawo. Chimene anabwera nacho ku Kande ndi nzeru imodzi: kuyanika masamba a chinangwa, kuwasinja, n'kusakaniza ndi gaga ndi zinyenyeswa za usipa. Nkhuku zinanenepa msanga. Msuzi wake ndi wokhawo umene amayi ankaumeza.

M'mawa mwa tsiku lotsatira kuseka kuja, Gresham anakwera bwato kukafuna mankhwala ku Chintheche. Pobwerera, anamva kulira asanafike pagombe.

Anapha nkhuku zonse kuti obwera pamaliro adye. Amayi ososola nthenga ataona khungu ndi mafuta zili chikasu, anayang'anizana. Anaitana a Killion, mlongo wawo wa malemu, amene sanapondepo pakhomopo miyezi yonse ya matenda.

"Ndi zimenezi unkamudyetsa mlongo wanga?" anatero a Killion, atainyamula nkhuku ndi zala ziwiri. "Taonani, anthuni! Mtundu wa maso ake uja si uwu?"

"Ndi masamba, asibweni. Nkhuku ikadya zobiriwira imatero."

"Zakukoleji zimenezo! Kazikwirireni kudzala. Pano sadya munthu."

Gresham anawayandikira. "Maso awo munawaona liti inu? Lero, titawatseka kale?"

"Iwe mwana, pali mtembo pano!"

"Eya, ulipo. Ndi umene wakubweretsani."

Gresham analanda nkhukuyo, naiwotcha yekha pamoto wa okumba manda. Anakhala pakati pabwalo n'kuidya, misozi ikusakanikirana ndi mafuta pachibwano, akudikira munthu mmodzi yekha woti atambasule dzanja. Akulu a mpingo anayang'ana m'mabuku a nyimbo. Amene ankabwera kudzapempha mazira anayang'ana pansi.

Nkhuku zinazo zinapita kudzala. Anthu anadya kondowole ndi chigwada, chothyoledwa m'munda womwewo umene munkachokera chakudya cha nkhukuzo.

Ponyamula bokosi, a Killion anamukankha ndi chigongono. "Manja amenewo asakhudze."

Gresham anatsatira kumbuyo kwa anthu onse, m'manja muli lichero la amayi, ufa wobiriwira udakali m'mphepete mwake.

Amayi ake, Agnes Chirwa, anaikidwa Lachitatu, pa 14 Malichi 1951.