Udzu wa NyaKhutu

Pa pepala inali nambala 318, koma ine ndinkaitcha NyaKhutu chifukwa khutu lake lakumanzere linali long'ambika. Ndinagwira ntchito zaka zitatu pa famu ina ya nkhumba kunja kwa Cape Town, kukhola loswera, ndipo mwa nkhumba zazikazi zonse ndi iyo yokha imene inkadziwa mayendedwe anga. Ndikangotulukira, inkayamba kulira pansipansi, kundilonjera.

Khola lake linali kachipinda ka zitsulo. Nkhumba imaima kapena kugona, basi, kutembenuka sikutheka. Pansi ndi simenti ya mipata yoti ndowe zizigwera. Amati n'kuteteza ana kuti mayi asawagonere. Mwina n'zoona, koma amene anawotcherera zitsulozo sanaberekepo.

Kwathu ku Rumphi, nkhumba ikatsala pang'ono kuswa imatuta udzu ndi kamwa n'kuyalira ana ake pogona. Siuzidwa ndi munthu. NyaKhutu nayo masiku atakwana inayamba kufukula simenti ndi mphuno, n'kumaluma zitsulo mpaka magazi m'kamwa. Ndinapita kwa a Gilson, kapitawo wathu, mwana wa Amalawi wobadwira ku Harare.

"A Gilson, anthu aja otumidwa ndi mashopu ogula nyama yathu ananena kuti tiziika udzu. Uli kuti?"

"Aa, sisi Jennie, straw imablocka ma drain. Boss akana. Inspection ikamabwera next month tidzaika."

"Ndiye nkhumbayi idikire inspection?"

"Siyanai nazvo mhani. Inu tsukani khola."

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima sindipempha kawiri. Kumene ndimakhala ku Khayelitsha, kumapeto kwa nyumba zamalata, kuli anthu oweta nkhumba m'timakola tawo, ndipo kuseri kwake kumamera udzu wabwino. Lamlungu ndinamweta n'kuyanika, Lolemba ndinaupakira pansi pa chikwama. Pa geti ndinasamba, ndinasintha zovala, ndinaponda m'mankhwala. Malamulo ndinkawadziwa bwino: nyama ya nkhumba isalowe, nsapato zakunja zisalowe. Koma udzu? Kuyambira liti udzu n'kukhala ndi mlandu?

Mukanaona mmene inaulandirira. Inaunyamula ndi kamwa, n'kuuika apa, n'kuuchotsa, n'kuuikanso apo, kenako inagona phee. Inaswa ana khumi ndi atatu, onse amoyo. Tsiku limenelo ndinaimba m'takisi.

Sabata isanathe inasiya kudya. Makutu anafiira, ana anayamba kufa mmodzimmodzi. Ya pafupi nayo inadwala, kenako mzere wonse. Dokotala wa ziweto anatenga magazi, ndipo yankho linabwera kuti ndi chigodola, matenda opanda mankhwala. Analamula kuti nkhumba zonse za pafamupo ziphedwe ndi kukwiriridwa. Pobwerera kunyumba ndinakafunsa kutimakola tija. Mayi wina anandiuza kuti zawo zinayamba kufa mwezi wathawo, ndipo ankazitaya m'udzu momwemo.

M'mawa mwake ndinawauza a Gilson zonse. Anayang'ana uku ndi uku.

"Musauze munthu, sisi. Mwina ndi truck ya feed, mwina boots za wina. Nobody knows."

"Ine ndikudziwa."

"Ndiye mudziwe nokha. Tonse pano ntchito yatha kale."

Anakumba dzenje lalikulu kuseri kwa makola. Itafika nthawi ya NyaKhutu, inakana kudzuka. Amuna awiri anaikankha ndi matabwa, osatheka. Wina anapita kukatenga chingwe choti aikoke, ndipo a Gilson anandiitana osandiyang'ana kumaso.

Ndinagwada n'kuikanda kuseri kwa khutu. "Tiye, mama. Dzuka." Inadzuka. Izi n'zimene zimandipweteka kuposa zonse: inadzuka chifukwa woitana ndinali ine.

Tinayenda pang'onopang'ono, iyo ikudzandira, dzanja langa lili pamsana pake potentha ngati mbaula. Simenti itatha, inaima. Chibadwire inali isanapondepo dothi. Inanunkhiza, n'kulowetsa mphuno mumchenga, n'kuyamba kufukula, mofooka koma ndi mtima wonse, mchenga uli mbuu kumaso. Ndinalira mokweza, osasamala amene akundiona.

"Suka, sisi," anatero bambo wina amene anaima pafupi ndi dzenjelo atagwira mfuti, kundiuza kuti ndichoke.

Ndinamupempha kuti aisiye mphindi imodzi yokha. Anatembenuka kuyang'ana mzere wa nkhumba zimene zinkadikira kumbuyo kwathu, n'kupukusa mutu. Ndinachotsa dzanja langa.