Msomali m'Phazi la Filipo

Magdalena anapita kuchigafa cha fodya m'mawa kukatenga khasu, ndipo anaona madontho a magazi pakhomo. Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha 1972, m'chigafa mulibe fodya. Kuseri kwa mulu wa udzu kunali mlongo wake, Filipo, atagwira phazi lamanzere ndi manja onse awiri.

"Achimwene, chachitika n'chiyani?"

"Nyumba aotcha, mlongo. Ana ndi mayi awo athawira kuphiri. Ine podumpha mpanda wa khola ndaponda thabwa la msomali."

Filipo anali wa Mboni za Yehova, ndipo Amboni ankakana kugula khadi la chipani. Masiku amenewo anyamata a chipani ankawasaka mudzi ndi mudzi. Tsono mwamuna wa Magdalena, Alexio, ndiye anali mlembi wa nthambi ya chipani m'mudzimo, ndipo makhadi ankawasunga m'chitini pansi pa bedi. M'mawa umenewo anali atapita kumsonkhano.

Asanakwatiwe, Magdalena anagwira ntchito zaka zitatu pachipatala cha mishoni, kuchapa mabandeji ndi kuthandiza masisitere. Anagwada n'kutukula phazilo. Msomali unaboola nsapato ya tayala n'kulowa pakati penipeni pa phazi, ndipo Filipo anali atauzula yekha. Kabowo kanali kakang'ono ngati njere ya mapira, koma anali atamatapo dothi kuti magazi asiye.

"Dothi limeneli mwalitapa kuti?"

"Pomwepo pakhola."

Magdalena anapita kukasonkha moto. Kuchipatala kuja anaonapo anthu awiri akufa ndi kafumbata, nsagwada zitauma, msana utapindika ngati uta, ndipo onse awiri zinayamba ndi bala laling'ono ngati limeneli.

Anawiritsa madzi mpaka kubwata, nathiramo mchere pang'ono. Anang'amba nsalu yoyera yakale, naiwiritsanso n'kuiyanika padzuwa. Madzi atazizira anasamba m'manja ndi sopo, natsuka phazi lonse. Kenaka anatenga ketulo n'kuyamba kuthira madzi pakabowo mosalekeza, mpaka dothi lonse litachoka. Filipo analuma chipewa chake, thukuta lili kamukamu. Magazi atayambanso kutuluka, Magdalena anapinda kansalu n'kukanikiza pabalapo kufikira atasiya, namanga mosathinitsa. Phazilo analisanjika pamtolo wa udzu kuti likhale pamwamba.

"Musaliponde pansi. Komabe pakufunika jekeseni kuchipatala, achimwene. Pansi pa bala ine sindikuonapo."

"Pamlatho pali anyamata, akufunsa khadi kwa aliyense. Ndikadutsa bwanji?"

Masiku awiri Magdalena ankapita kuchigafako m'mawa ndi masana, chakudya atachibisa m'dengu pansi pa makoko a chimanga. Ankamasula nsalu, kutsuka bala, kumanga ina yowiritsa. Nthawi zonse ankati, "Tayasamulani," n'kuyang'ana ngati nsagwada zikutseguka bwino. Kunyumba Alexio anafunsa kuti sopo akutheranji msanga, iye n'kunena kuti anachapa mabulangete.

Tsiku lachitatu phazi linatupa mpaka kunyezimira. Linali lotentha, pakabowo pakutuluka mafinya, ndipo mphechepeche munatuluka mwanabere. Filipo ankanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Magdalena ali mkati motsuka, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali Alexio. Anayang'ana ketulo, nsalu zamagazi, kenaka mlamu wake.

"Mayi a Susana, mukudziwa kuti akamupeza muno aotcha ndi nyumba yathu yomwe?" anatero kwa mkazi wake.

"Ndikudziwa. Tabwerani muone phazili."

Alexio anawerama, naona, natembenuza nkhope.

"Likafika Loweruka chonchi, kapena adula mwendo kapena tiika maliro," anatero Magdalena. "Zamadzi amchere zatha apa."

Alexio anatuluka. Magdalena anamva mapazi ake akulowera kunyumba, ndipo sanadziwe ngati akukaitana anyamata. Anapitiriza kumanga nsalu. Posakhalitsa mwamunayo anabwerera, khadi ndi cholembera zili m'manja.

"Alamu, ndilemba dzina lanu pano. Simulipira kanthu. Mungoliika m'thumba mpaka tiwoloke mlatho, kenaka mukalitaye."

"Zikomo alamu, koma sindingathe."

"Ngakhale mwendo uwole?"

"Ngakhale uwole."

Alexio anatukwana chapansipansi, nabweza khadi m'thumba la malaya. Kenaka anauza mkazi wake kuti ayale udzu m'ngolo, iye napita kukamanga ng'ombe. Atamukweza Filipo, anatenga luzi n'kumumanga manja kutsogolo.

"Mukufuna kutani, bambo a Susana?"

"Inu khalani chete mpaka tikafike. Phazilo muligwire lisagunde."

Msewu wotsika kuphiri unali wamiyala, ndipo ngolo ikagunda mwala Filipo ankabuula. Magdalena anaika phazilo pamiyendo pake. Pamlatho panali anyamata asanu ovala malaya ofiira, atapingasa mtengo pamsewu. Mkulu wawo, Vinsenti, anazungulira ngolo n'kusuzumira.

"A mlembi, uyu si Filipo Mboni uja? Takhala tikumufuna. Mutsitseni."

"Ndamugwira ndekha m'chigafa changa," anatero Alexio. "Ndi mlamu wanga, manyazi ake ndi anga, ndiye kupolisi ndikamupereka ndekha. Koma ayambe wabayidwa jekeseni. Sindikufuna kukapereka mtembo, boma lizikandifunsa ine."

Vinsenti anakhudza nsalu ya paphazi ndi nsonga ya ndodo yake. Filipo anakukuta mano.

"Mwina akunamizira," anatero Vinsenti.

Magdalena anamasula nsaluyo pang'onopang'ono. Mafinya anali atadutsa mapindo onse, ndipo fungo linamveka. Vinsenti anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana luzi la m'manja, nayang'ananso Alexio nthawi yaitali.

"Pobwera mutisonyeze kalata ya apolisi," anatero, nakodola anzake kuti achotse mtengo.

Anafika pachipatala cha mishoni dzuwa litapendeka. Alexio anadula luzi asanalowe pachipata. Sisitere wina wokalamba anamuzindikira Magdalena, ndipo sanafunse zambiri. Anang'amba bala pang'ono, mafinya natuluka, ndipo mkati anapezamo kachidutswa ka tayala kamene msomali unalowa nako. Anamubaya Filipo jekeseni ya kafumbata ndi ina yopha tizilombo, namugoneka m'kachipinda ka kuseri.

Filipo anakhalamo masiku asanu ndi anayi. Nsagwada sizinaume. Atayamba kuponda ndi chidendene, m'bale wina wa mpingo wawo anabwera pa njinga n'kumutenga, kulowera kumalire a Zambia kumene mkazi ndi ana ake anali atafika kale.

Kalata ya apolisi Alexio analibe. Anauza akuluakulu a chipani kuti mlamu wake anathawa m'chipatala, koma sanamukhulupirire. Anamulanda chitini cha makhadi, namutsekera milungu itatu. Anabwera ataonda, dzino limodzi lakutsogolo palibe, mvula yoyamba itagwa kale. Magdalena anamutenthetsera madzi osamba, ndipo m'mawa mwake anapita onse awiri kumunda, poti mizere inali isanathe.