Nyerere za mu Mango a Amayi

Mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nyumba yathu ku Chia anadzala ndi malemu amayi. Unali wa boloma, thunthu lake lalikulu moti munthu mmodzi sakanalikumbatira. Koma zaka zomalizirazi unatichititsa manyazi. Bango lokongola kunja, ukangoling'amba, mphutsi zokhazokha! Pali timantchentche tina timene timaboola khungu n'kuikira mazira m'kati.

Achimwene anga a Sufiyani, munthu amene akaona mtengo uliwonse amaona bwato, anandiuza mosapsatira: "Zahra, chaka chino akaolanso ndikuitana osema. Tizisunga mtengo wodyetsa mphutsi?"

Ndinavomera pakamwa, koma mtima sunakhale m'malo. Ndikamaphika, maso ku mtengo. Ndikamaswali, maganizo ku mtengo, Allah andikhululukire.

Kenako ndinakumbukira kuti amayi ali moyo, mu mtengomo munali nyerere zofiira zija zimene zimasoka masamba n'kumanga zisa. Zinkatiluma mpaka kutsika tikulira, koma mango ankakhala abwino, chifukwa ntchentche siitera pamene pakulondera nyererezo. Ndinakwera minibasi kupita ku Benga kwa mnzanga, ndinathyola zisa mu mtengo wake n'kuziponya m'thumba. Pobwerera zina zinatulukira pakamwa pa thumbalo. Aa, kondakitala anavina osaimbiridwa!

Zisazo ndinazimangirira m'nthambi, n'kumaziikira matumbo a nsomba kuti zikhazikike. Sindinauze munthu. Inu mukuwadziwa anthu akwathu: mkazi wopachika matumbo mu mtengo, mawa lake amveka kuti wayamba zamankhwala.

Nyerere zinaswana. Mango anayamba kukula osalala, opanda kadontho. Ndinkawazungulira m'mawa uliwonse ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndiye inakwana sadaka ya amayi. Pakhomo pathu mthunzi wokwanira anthu ndi womwewo, choncho a Shehe ndi alendo anayenera kukhala pansi pa mtengowo. Ine ndinalawirira kuchigayo kukapunthitsa mpunga. Pobwerera, ndili patali, ndinaona utsi ukufuka kuseri kwa nyumba. Thumba la mpunga ndinaliponya panjira.

Ndinapeza alamu anga a Lenia, akazi a achimwenewo, atanyamula nsungwi yaitali, kunsonga atamangako udzu woyaka. Nyerere zinali mbwee pansi, zopserera.

"Alamu, mwafika?" anatero akumwetulira, thukuta lili kamukamu. "Ndakuchotserani zilombozi. Zikanawaluma a Shehe pakati pa duwa, ife n'kuyaluka."

"Mwandipha!" ndinakuwa. "Wakutumani ndani? Ndani?"

Anatsitsa nsungwi ija, misozi n'kulengeza. Ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti sanalakwe. Ndani angakhazike alendo a sadaka pansi pa nyerere zoluma? Ndinakatola mpunga wanga, ndinaphika, ndinagawa. Alendo ankangoti, "Amayi anu anakusiyirani mthunzi wabwino," ine ndikumeza mate owawa.

Ndinabwereranso ku Benga kukatenga zisa zina, koma nyererezo sizinakhale, kaya ndi fungo la utsi. Ntchentche zinali zitafika kale.

Mango atapsa, achimwene anabwera n'kukhala pa mkeka. Ndinasankha ndekha bango lokongola kuposa onse, ndinawapatsa mpeni. Anadula. Mphutsi imodzi inadzipinda n'kudumphira pa kanzu yawo yoyera.

Sananyade ayi. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anati, "Chemwali, nanenso ndinakuliramo mu mtengo uno." Komabe osema anabwera.

Bwatolo analilemba dzina la amayi ndi penti yobiriwira. Limagwira nsomba, sindinganame, ndipo ndiwo zake ndimadya. Koma mpaka lero ndikamatuluka ndi mkeka masana, miyendo imandipititsa kuseri kwa nyumba, n'kukangopeza dzuwa lili phwee pa chitsa.