Tsiku Limene Sitolo ya Yudelman Inayenda

Zelig Yudelman anafika ku mgodi wa Nsombwe mu 1929, mkuwa utangopezeka, ali ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zokoleka m'khosi. Anayamba ndi kugulitsa mchere ndi mabulangete pansi pa mtengo. Patapita zaka ziwiri anaitanitsa matabwa ndi malata pa sitima, n'kumanga sitolo pamwamba pa nsanamira za njerwa kuopa chiswe. Mkazi wake Pesha anamutsatira kuchokera kwawo ku Lituwaniya, ndipo Chibemba anachidziwa asanadziwe Chingerezi, chifukwa chokangana ndi amayi a ku komboni pa mitengo ya nsalu.

Zelig anamwalira mu 1952. Patatha zaka zinayi, nthaka ya kuseri kwa sitolo inayamba kung'aluka. Akampani ya mgodi anabwera ndi kalata: pansi pa msewu wonsewo anali atakumba, ndipo nyumba zonse zigwetsedwe mvula isanagwe. Malo ena anawapatsa kutsidya kwa kamtsinje, pafupi ndi msika watsopano.

Leib, mwana wawo yekhayo, anasangalala.

"Amayi, timange yanjerwa, yagalasi lalikulu kutsogolo. Khola ili latha."

"Khola limeneli ndi limene unabadwiramo."

"Ndiye tizidikira kuti litimeze?"

Leib ankachidziwa chimene chinkamugwira Pesha. Nkhondo yaikulu itatha, kunabwera kalata imodzi yokha kuchokera kwawo, yolembedwa ndi mnansi amene anapulumuka. Zelig ataiwerenga anatseka sitolo, anasuntha mashelefu, n'kulemba ndi pensulo pakhoma la kumbuyo mayina a abale awo onse amene anaphedwa, makumi anayi ndi limodzi. Manda analibe. Mayinawo anadutsa m'matabwa, m'mizati, mpaka m'kona. Matabwawo anali atauma kwambiri moti kuwazula kunali kuwaswa.

Lachitatu lina kunabwera Sichone, kapitawo wa gulu lotsitsa makina pansi pa mgodi, kudzagula chubu cha njinga. Anali atagula pamenepo zaka makumi awiri, ndipo sanagulepo kanthu osadandaula.

"Amake Leib, mwakwinya nkhope bwanji ngati makoswe adya shuga yense?"

"Akuti ndigwetse nyumba, Bambo Sichone."

"Nanga simukufuna?"

"Sindikufuna."

Sichone anaika chubu pakauntala, natuluka. Pesha anamumva akugogoda makoma, kenako akukwawa kunsi kwa sitolo, akutukwana akangaude. Anatulukira ali mbuu.

"Pampu imene tinatsitsa mwezi watha ndi yolemera kuposa kanyumba kanuka. Tinaitsitsa mumdima, madzi ali m'mawondo. Aka tikanyamula Loweruka."

"Loweruka ayi, ndi Sabata."

"Ah, ngakhale nyumba imapuma?"

"Nyumbayo ndiyo imayamba."

"Chabwino, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Koma chubuyu mwakweza, mayi."

Leib anati ndi misala, komabe anapita kwa injiniya wa kampani kukabwereka majeke ndi njanji zakale. Mzunguyo anaseka mpaka kutsokomola, nanena kuti abwera kudzaonerera nkhuni zikugwa.

Lamulungu m'mawa Pesha ndi Leib anatulutsa katundu wolemera yense, mashelefu n'kutsala opanda kanthu. Pesha ankayembekezera amuna makumi awiri. Dzuwa lili paliwombo anamva mapazi, natuluka pakhonde. Msewu wonse unali utadzaza. Ena anali ndi majekete a kutchalitchi, ena zipewa zachitsulo. Abemba, Alozi, Anyasa, ena oti iye anawagulitsa kabudula woyamba ali ana. Anasenza zipika za muwanga ndi zingwe zonenepa ngati mkono.

"Amayi, tulukani tsopano," anatero Leib.

"Ndinabwera kuno pa chombo, masabata atatu ndikusanza. Iwe pita ukagwire chingwe."

Anakhala pampando wake pakati pa sitolo. Majeke anayamba kulira. Pansi panatekeseka, malata anadandaula, ndipo fumbi la zaka makumi awiri ndi zisanu linatsika kudenga pang'onopang'ono m'kuwala kwa pazenera. Kunja wina anaponya nyimbo, amuna mazana atatu n'kuvomera ndi mawu amodzi amene Pesha anawamva m'mafupa. Maketulo ndi nyale zopachikidwa kudenga zinapendekeka zonse mbali imodzi.

Sitolo inayenda.

Pakhomo pomwe kwa zaka zonsezo ankaonerapo mpanda wa mgodi, panadutsa mtengo wa mango, kenako butchala, kenako nkhope ya injiniya uja, kaliwo wake ali m'manja, wazima. Zipika zikatsalira kumbuyo anthu ankazithamangitsira kutsogolo. Agalu anauwa. Gogo wina anagwada m'mbali mwa msewu atagwira pakamwa. Pesha anakumbukira nkhani ya makolo ake oyenda m'chipululu atasenza chihema, imene ankaimva ali mwana n'kumangoti ndi za m'mabuku.

Pa mtsetse wotsikira ku kamtsinje, sitolo inawapulumuka. Inayamba kuthamanga yokha, zipika zikugunda pansi ngati ziphaliwali. Mpando unatsetsereka, Pesha n'kukagunda kukauntala.

"Kumbuyo! Nonse kumbuyo!" anakuwa Sichone.

Amuna anasiya zingwe za kutsogolo nagwera za kumbuyo, zidendene zikulima msewu. Amayi a ku komboni anakankhira miyala kutsogolo kwa njanji. Chinachake chinathyoka kunsi, ndipo sitolo inaima, itapendekeka pang'ono, mapazi khumi kuchokera pamlatho.

Sichone analowa ali wefuwefu, zikhatho zikuchucha magazi. Leib anali pambuyo pake.

"Muli moyo, Amake Leib?"

"Ndili moyo. Mumayendetsa ngati woledzera."

Sichone anayamba kuseka, koma maso ake anagwera pakhoma la kumbuyo. Anali asanalionepo lopanda katundu. Anasendera pafupi, nayang'ana zilembo zachilendozo.

"Izi n'chiyani?"

Pesha anadzuka, naloza ndi chala kuchokera kumanja. "Awa ndi amayi anga, Dvoyre. Uyu mchemwali wanga Henye, ndi ana ake anayi. Wamng'onoyu anali asanayambe kuyenda. Awa ndi achimwene a bambo ake a Leib." Anawerenga onse, mmodzimmodzi, mpaka m'kona. Leib anali asanamvepo mayi ake akuwatchula mokweza.

"Anaikidwa kuti?"

"Kudzenje, kunkhalango. Palibe amene akudziwa malo ake."

Sichone anavula chipewa. Kenako anatuluka pakhonde, ndipo Pesha anamumva akulankhula, osakuwa.

"Abale, ine ndimati tanyamula matabwa. Muno muli anthu makumi anayi ndi mmodzi, ndipo alibe kwina kogona. Tikoke bwino."

Mawuwo anayenda m'khamulo kuchoka m'chinenero china kulowa china. Phokoso linazirala. Zipewa zinavulidwa, kuyambira pafupi mpaka kutali kumene Pesha sankatha kuzindikira nkhope. Atagwiranso zingwe, nyimbo ya ntchito ija sanaibwereze. Amayi ndiwo anayambitsa ina, yapansipansi, ya pamaliro, natsatira pambuyo pa sitolo monga amatsatirira bokosi. Pamlatho anaiwolotsa pang'onopang'ono moti nyale za kudenga sizinagundane n'komwe. Pesha anaima pakhomo atagwira mphuthu, misozi ikutsika, osaipukuta. Anthu akewo anali asanaperekezedwepo ndi munthu.

Dzuwa litapendeka anaikhazika pa nsanamira zatsopano. Inaphonya pang'ono kona imodzi, Sichone n'kuikapo chidutswa cha njanji. Asanachotse n'komwe zingwe, mayi wina wobereka mwana anakwera pakhonde.

"Amake Leib, ndakhala ndikukutsatirani kuyambira masana. Ndikufuna sopo. Mawa mudzakhala muli kuti, kuti ndidziwiretu?"

Pesha anaseka mpaka kukhala pansi. Leib anapita kukafukula sopoyo m'mabokosi.

Mvula yachiwiri ya chaka chimenecho, msewu wakale unamira m'mawa wina anthu akumwa tiyi. Pesha anapita kukaona. Pamene panali sitolo panali chidzenje choti tchalitchi n'kulowamo, madzi obiriwira ali pansi, mbalame zikuuluka m'kati mwake kunsi kwa mapazi ake. Anayang'ana nthawi yaitali atagwira waya wa mpanda.

Anagulitsa m'sitolomo zaka zina khumi ndi ziwiri. Pesha atamwalira, Leib anasamukira ku mzinda wa Haifa, kutsidya kwa nyanja, ndi banja lake, ndipo nyumbayo anaisiyira mwana wamkazi wa Sichone, amene anali telala. Iyeyo anaikamo makina atatu osokera, nayamba ndi mayunifomu a sukulu.